Kodi Pavarotti anadzitsitsa poimba ndi James Brown?

Mwa makalata amene andipeza pa imelo masabata apitawa, pali imodzi imene ndaona kuti ndi bwino ndiiyankhire pano poyera, chifukwa funso lake ndi loti anthu ambiri okonda nyimbo amakhala nalo mumtima ngakhale salifunsa. Yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene amaimba alito mu kwaya ya mpingo wawo. Iwo akuti mwana wawo anawaonetsa pa foni kanema wa pa YouTube momwe Luciano Pavarotti, mkulu wa ku Italy wa ndevu ndi thupi lalikulu uja, akuimba limodzi ndi James Brown, woimba wotchuka wa ku America, ndipo nyimboyo inawagwira mtima kotero kuti akhala akuibwereza madzulo alionse. Koma atawafotokozera a kwayamasitala awo, amene anaphunzirako nyimbo za ku Ulaya, iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti zimenezo zinali zamalonda chabe, ndipo Pavarotti weniweni ndi wa mu opera, osati uyu woimba ndi anthu a magitala. Funso la mayiwa ndi lakuti: kodi munthuyu anadzitsitsadi poimba nyimbo za pop, ndipo ngati ndi choncho, kodi iwo akulakwa kukonda zimene odziwa nyimbo amazinyoza?

Mayi, ndathokoza chifukwa cha kalata yanu. Simukulakwa ayi, komanso a kwayamasitala anu sakunena zopanda mutu. Nyimbo za pop zimene Pavarotti anaimba si zofanana zonse: zina n'zokoma zedi, zambiri n'zapakatikati, ndipo zina n'zoti akanangozisiya. Chimene chimasiyanitsa zabwino ndi zolephera chimamveka ndi khutu, ndipo inu a mu kwaya mukhoza kuchigwira msanga kuposa anthu ambiri mukangodziwa poyenera kutcherera. Kuti tifike pamenepo tiyenera kuyamba taona mmene liwu la tenala wa opera limasulidwira ndiponso ntchito imene limasulidwira.

Opera ndi sewero limene ochita ake amaimba m'malo molankhula, ndipo mwambo wake ndi wakuti woimba sagwiritsa ntchito maikolofoni. Nyumba ya Metropolitan Opera ku New York ili ndi mipando pafupifupi 3,800, ndipo pakati pa woimba ndi omvera pamakhala gulu la oimba zida limene nthawi zambiri limaposa anthu 60, ena a mavayolini, ena a malipenga, ena a ng'oma. Liwu la munthu mmodzi liyenera kudutsa pamwamba pa zida zonsezi n'kukafika kwa amene wakhala pa mpando wotsiriza, ndipo liyenera kutero kwa maola awiri kapena atatu osasasa. Munthu wongokuwa sangathe zimenezi, chifukwa pakhosi pangaume sewero lisanafike ndi pakati pomwe. Woimba amaphunzira kutsitsa kholingo, kutsegula malo a kukhosi ndi kusunga mpweya ndi minofu ya m'mimba ndi ya m'nthiti, kotero kuti liwu limatuluka ndi kuthwa kwina kumene zida zoimbira zilibe. Katswiri wa ku Sweden wofufuza za mawu, Johan Sundberg, anaonetsa kuti amuna oimba opera amakhala ndi mphamvu yochuluka cha pafupi ndi 3,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), pamene mphamvu yambiri ya gulu la zida imakhala pansi, cha m'ma 500 Hz. N'chifukwa chake liwu lotere limamveka ngakhale zida zikulira mokweza: limayenda m'njira yakeyake imene zida sizidutsamo kwenikweni.

Woimba wa pop ndi mwana wa maikolofoni. Kuyambira 1925, pamene makampani anayamba kujambula nyimbo ndi magetsi, oimba ngati Bing Crosby anazindikira kuti panalibenso chifukwa chokwezera mawu, pakuti makina ndi amene amasenza liwu. Kunong'ona, kupuma momveka, kusasa kwa pakhosi, kudula mawu pakati, zonsezi zinasanduka zokometsera nyimbo. Woimba opera ali ngati munthu woitana mnzake amene ali kutsidya la mtsinje, pamene wa pop ali ngati wolankhulira m'khutu mwa mnzake amene wakhala naye pa mphasa imodzi, ndipo aliyense wa iwo ali ndi luso limene mnzakeyo alibe. Pali kusiyana kwinanso kumene anthu sakonda kukutchula, ndipo ine ndimakuona kukhala kwakukulu kuposa kwa mphamvu ya liwu. Mu opera ya ku Italy, woimba akafuna kukoka noti, wotsogolera zida amamudikira ndipo gulu lonse limapuma naye. Mu pop ng'oma sidikira munthu, ndipo ukatswiri wa woimba umaonekera pa mmene akusewerera ndi ng'omayo, pena kuitsalira pang'ono, pena kuitsogolera. Tenala amene wazolowera kudikiridwa kwa zaka makumi atatu sangaphunzire zimenezi m'masiku owerengeka okonzekera phwando la nyimbo.

Pavarotti anabadwa pa 12 Okutobala 1935 mumzinda wa Modena, kumpoto kwa Italy. Bambo ake, a Fernando, anali ophika buledi amene ankaimba tenala mu kwaya, ndipo mayi ake ankagwira ntchito pa fakitale ya fodya. Izi ndazitchula dala, chifukwa munthuyu anachokera kumene inu muli: mu kwaya ya anthu wamba oimba akaweruka ku ntchito. Mu 1955 kwaya yawo, Corale Rossini, imene bambo ndi mwana ankaimbamo limodzi, inapambana mpikisano wa makwaya ku Llangollen m'dziko la Wales, ndipo iye ankanena kuti ulendo umenewo ndi umene unamulimbitsa mtima woti akhale woimba. Anaphunzira kwa Arrigo Pola kuyambira 1954, kenako kwa Ettore Campogalliani, uku akudzithandiza ndi ntchito ya uphunzitsi wa ana komanso kugulitsa inshuwalansi, ndipo anaimba koyamba mu opera pa 29 Epulo 1961 ku Reggio Emilia, m'sewero la Puccini lotchedwa La bohème. Zinamutengera zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri kuti achoke pa phunziro loyamba n'kufika pa nsanja. Mu 1965 anayenda m'dziko la Australia ndi Joan Sutherland, mayi woimba sopulano, ndipo mwiniwake ankavomereza kuti kasungidwe ka mpweya anakaphunzira kwenikweni kwa mayiyu.

Dzina lake linafalikira kwambiri ku America pa 17 Febuluwale 1972, pamene anaimba mu La fille du régiment ya Donizetti ku Metropolitan Opera. M'seweroli muli nyimbo imodzi imene tenala amagunda noti ya C yapamwamba kasanu n'kanayi m'kanthawi kochepa, ndipo iye anaigunda ngati akusewera, kotero kuti omvera anamuitanitsa kuti abwerere pa nsanja maulendo 17. Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, kumbukirani kuti noti imeneyi ili chakumwamba ngakhale kwa inu a alito, ndipo atenala a m'makwaya athu ambiri akafika pa G amayamba kale kukunga mitsempha ya pakhosi kapena kuthawira ku liwu laling'ono lachikazi. Cha pa F ndi F sharp liwu la tenala limafuna kuthyoka, ndipo ntchito yaikulu ya zaka za maphunziro zija ndi yosalaza malo amenewa kuti womvera asazindikire kuti pali msoko. Pavarotti anawasalaza kuposa ambiri a m'nthawi yake, ndipo pamwamba pa zimenezi mawu ake a Chitaliyana ankamveka lembo lililonse.

A kwayamasitala anu akamanena kuti woimba opera sayenera kuimba nyimbo za anthu wamba, mbiri sikuwaikira kumbuyo. Enrico Caruso, tenala wotchuka wa ku Italy amene anayamba kujambula zimbale zake zotchuka mu 1902, ankaimba nyimbo za m'misewu ya Naples pamodzi ndi za mu opera, ndipo palibe amene ankaona chachilendo. Mario Lanza wa ku America anatchukira m'mafilimu, ndipo filimu yake ya mu 1951 yonena za moyo wa Caruso ndi imene inachititsa José Carreras, ali mwana ku Barcelona, kulakalaka kukhala tenala. Tenala wa ku Spain Plácido Domingo anajambula nyimbo ndi John Denver, woimba wa gitala wa ku America, mu 1981, pamene mbiri yake mu opera inali pachimake. Ndipo ku Italy opera yeniyeniyo sinali ya olemera okha: ometa tsitsi ndi ophika buledi ankaidziwa pamtima, monga bambo ake a Pavarotti. Mpanda wautali umene ena amauika pakati pa nyimbo zaulemu ndi nyimbo wamba unamangidwa pambuyo pake, ndipo kwawo kwa Pavarotti sunali wolimba.

Chaka chimene chinasintha zonse ndi 1990. Italy ndi imene inachititsa mpikisano wa mpira wa World Cup, ndipo wailesi ya kanema ya BBC inasankha Nessun dorma, nyimbo ya mu Turandot ya Puccini imene Pavarotti anaijambula mu 1972, kuti izitsegulira mapologalamu ake a mpira. Nyimbo ya mu opera inafika pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, pakati pa nyimbo za achinyamata. Kenako pa 7 Julayi, usiku woti mawa lake kuseweredwa ndime yomaliza, Pavarotti, Domingo ndi Carreras anaimba pamodzi pa mabwinja a Caracalla ku Rome motsogoleredwa ndi Zubin Mehta. China mwa zifukwa za phwandoli chinali kulandiranso Carreras, amene anali atachira khansa ya m'magazi. Chimbale chimene chinatuluka pamenepo chinagulidwa kuposa chimbale china chilichonse cha nyimbo za mtundu umenewu, ndipo atatuwa anadzaimbanso ku Los Angeles mu 1994, ku Paris mu 1998 ndi ku Yokohama mu 2002. Mu 1991 anthu oposa 100,000 anapirira mvula ku Hyde Park mu London kuti amve Pavarotti, ndipo mu 1993 ku Central Park ku New York kunasonkhana anthu pafupifupi 500,000. Apa maikolofoni inali italowa kale, chifukwa palibe liwu la munthu limene lingadzaze bwalo lotere.

Kanema amene mwana wanu anakuonetsani ndi wochokera ku maphwando otchedwa Pavarotti & Friends, amene ankachitika kwawo ku Modena kuyambira 1992 mpaka 2003 pofuna kusonkhanitsa ndalama zothandizira ovutika, makamaka ana a m'mayiko a nkhondo. Kunabwera Sting, Elton John, Eric Clapton, Stevie Wonder, Celine Dion, B.B. King, Mariah Carey, Barry White ndi ena ambiri. Phwando la mu 1998 linali la ana a ku Liberia, ndipo la mu 2002, limene James Brown anaimbako, linali lothandiza anthu othawa nkhondo ya ku Angola, amene ambiri mwa iwo ankasungidwa m'misasa ya ku Zambia. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, UNHCR, linapatsa Pavarotti mendulo ya Nansen mu 2001 chifukwa cha ntchito yotere. Sindikunena kuti cholinga chabwino chimakometsa nyimbo yoipa, pakuti khutu silimva zachifundo, koma ndi bwino kudziwa kuti maphwandowa sanakonzedwe ngati mayeso a luso, ndipo oimba ankakumana kwa nthawi yochepa asanakwere pa nsanja.

Tsopano tiyeni timvetsere limodzi nyimbo imene yakukomeraniyo, It's a Man's Man's Man's World, imene James Brown anaitulutsa mu 1966. Poyamba zindikirani kuti ndi nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, yogwedezeka patatupatatu, ndipo chiyambire pa chimbale chake choyamba inali ndi mavayolini. Izi zikutanthauza kuti Pavarotti sanafunike kuthamangitsana ndi ng'oma, chifukwa nyimboyo ili ndi mipata yaikulu imene liwu lalitali lingagonemo. Brown akamaimba amadula mawu, amalowa mochedwa pang'ono, amabuula ndi kufuula ndi liwu losasa limene linakulira mu tchalitchi cha anthu akuda a kumwera kwa America. Pavarotti akalowa sayesa n'komwe kumutsanzira: amaimba ndime yake m'Chitaliyana, amalumikiza noti ndi noti popanda mpata, ndipo amakoka mzere wonse ndi mpweya umodzi. Mukamvetsera bwino mupeza kuti chimene chimakugwirani mtima ndi kusinthanaku, pamene kulira kosasa kwa wina kukuyankhidwa ndi liwu losalala la mnzake, aliyense ataima pa mwambo wa kwawo. Brown akanayesa kuimba ngati wa opera, kapena Pavarotti akanayesa kubuula ngati Brown, bwenzi zili zoseketsa. Choncho pa nyimbo imeneyi ndili mbali yanu, ndipo ndikanakhala pafupi ndikanawapempha a kwayamasitala kuti aimvetserenso mofatsa.

Chitsanzo choposa ichi, mwa kuona kwanga, ndi Miss Sarajevo ya mu 1995, imene anaimba ndi gulu la U2 ndi Brian Eno. Bono, woimba wa gulu la U2, wakhala akusimba kuti Pavarotti anamusowetsa mtendere ndi mafoni mpaka anavomera kumulembera nyimbo. Nkhani yake ndi ya mpikisano wa chiphadzuwa umene unachitika mu 1993 mumzinda wa Sarajevo uli wozingidwa ndi asilikali, pamene atsikana opikisanawo ananyamula nsalu yolembedwa mawu opempha dziko kuti lisalole kuti aphedwe. Mbali yaikulu ya nyimboyi Bono amaimba motsitsa, pafupifupi monong'ona, akufunsa mafunso ang'onoang'ono a moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo zida zimangoyenda chamunsi. Womvera atazolowera bata limenelo, mavayolini amakwera ndipo Pavarotti amalowa ndi ndime imodzi yokha ya Chitaliyana, imene inalembedwa mofanana ndi nyimbo ya mu opera, n'kukwera nayo mpaka pamwamba, kenako n'kuchoka. Olemba nyimboyi anadziwa kuti liwu lotere ndi lolemera moti silingakhale paliponse, choncho analikonzera malo amodzi n'kulisungira mpaka nthawi yake itakwana. Ndalama za phwando la ku Modena la chaka chimenecho zinathandiza kumanga malo ophunzitsira ana nyimbo ku Mostar m'dziko la Bosnia, amene anatsegulidwa mu 1997.

Njira yomweyi imagwiranso ntchito munthu akamachokera mbali inayo. Pa mwambo wa mphoto za Grammy mu 1998 Pavarotti anadwala pakhosi n'kulephera kubwera, ndipo Aretha Franklin, mayi woimba wa ku America amene anakulira m'nyimbo za mu tchalitchi, anavomera pa nthawi yomweyo kuimba Nessun dorma m'malo mwake. Sanadziyese woimba opera: anaipinda nyimboyo monga amapindira nyimbo zauzimu, ndipo anthu amaikumbukirabe chifukwa cha zimenezo.

Zolephera nazo zilipo, ndipo sindizibisa. Pamene nyimbo ili yothamanga, yodalira ng'oma ndi mawu afupiafupi, Pavarotti amamveka wolemera, ngati akuitsatira m'mbuyo, maso ali pa pepala la mawu. Kuimba kwake ndi a Spice Girls mu 1998 kunasangalatsa anthu chifukwa cha chidwi choona tenala wamkulu pakati pa atsikana a pop, koma nyimboyo sinapindulepo kanthu, ndipo iyenso sanapindulepo. Akamaimba m'Chingerezi vuto limakula. Mawu a Chitaliyana pafupifupi onse amathera pa lembo la liwu, monga mmene zilili m'Chichewa, ndipo kaimbidwe konse ka opera ya ku Italy kanamangidwa pa malembo otseguka amenewa, amene munthu angawakoke mmene angafunire. Mawu a Chingerezi amakonda kuthera pa malembo opanda liwu ounjikana, ndipo inu mukudziwa mmene kwaya imavutikira kutsekera pamodzi mawu otere. Iye ankadziwa kufooka kwakeku, n'chifukwa chake m'nyimbo zambiri za ku Modena mnzake ankaimba Chingerezi pamene iye ankayankha m'chinenero chake. Filimu yake ya mu 1982, Yes, Giorgio, imene inafuna kumusandutsa Mario Lanza watsopano, inagwa chagada. Chimbale chake cha nyimbo za pop zokhazokha, Ti adoro, chinatuluka mu 2003 liwu litayamba kale kutopa, ndipo sindingakulangizeni kuti muyambire pamenepo.

Dandaulo lenileni la anthu a opera, limene ndikuganiza kuti ndi limene a kwayamasitala anu ali nalo, silikhudza kwenikweni nyimbo za pop zokhazo, koma zimene zinkachitikira ntchito yake ya mu opera pa nthawi yomweyo. Kuimba usiku umodzi pa bwalo la mpira kunkabweretsa ndalama zoposa kutali zimene nyumba ya opera ingalipire, ndipo sikunkafuna masabata okonzekera kapena kuloweza sewero latsopano. Mu 1989 nyumba ya Lyric Opera ku Chicago inalengeza kuti sidzamuitananso, atalephera kubwera maulendo 26 mwa 41 amene anagwirizana m'zaka zisanu ndi zitatu. Mu Disembala 1992 ku nyumba ya opera ya La Scala mumzinda wa Milan, liwu linamuthyokera mu Don Carlo ya Verdi ndipo omvera a m'mipando ya pamwamba anamukuwiza. Ngakhale kuimba kwake komaliza pagulu, potsegulira masewero a Olimpiki ku Turin pa 10 Febuluwale 2006, kunali kojambuliratu, monga anadzaululira mnzake wotsogolera zida Leone Magiera, ngakhale kuti apa tiyenera kukumbukira kuti munthuyu anali ndi zaka 70, thanzi lake silinali bwino, ndipo unali usiku wozizira kwambiri. Anamwalira ndi khansa ya kapamba pa 6 Sepitembala 2007. Pa mbali ina, pamene maphwando a ku Modena ankayamba iye anali ndi zaka 56, atagwira kale ntchito ya opera zaka zoposa 30, ndipo anapitirizabe mpaka pa 13 Malichi 2004 pamene anaimba Tosca komaliza ku New York. Zimbale zimene zinamupangira dzina zinali zitajambulidwa kale, kotero pop sinalande kanthu kwa Pavarotti wa m'ma 1960 ndi m'ma 1970. Imene inachepa ndi ntchito ya zaka zake zomaliza, ndipo mbali ina ya kuchepako inali ukalamba ndi kulemera kwa thupi.

Iye ankadziteteza ponena kuti akufuna kufikitsa nyimbo za opera kwa anthu amene sangalowe m'nyumba za opera. Otsutsa amayankha kuti ambiri mwa ogula chimbale cha atenala atatu aja anathera pomwepo, ndipo anazolowera kumva mphindi zitatu za pachimake popanda sewero lonse limene limapatsa mphindizo tanthauzo. Mfundoyi ili ndi choonadi. Nessun dorma m'sewero lake ndi nyimbo ya munthu amene waika moyo wake pa chiswe, mzinda wonse uli maso usiku kufufuza dzina lake poopa kuphedwa, ndipo amene amangoimva pa mpira sadziwa zonsezi. Komabe khomo limene munthu walowera si loyenera kulinyoza. Pretty Yende, mayi wa ku Piet Retief ku South Africa amene lero amaimba ku La Scala ndi ku Metropolitan Opera, ndiponso anaimba pa mwambo woveka ufumu Charles III mu 2023, anamva opera koyamba ali ndi zaka 16 pa chilengezo cha malonda cha British Airways pa wailesi ya kanema. Ngati kachidutswa ka malonda a ndege kanatha kuchita zimenezi, kanema wa pa foni wa James Brown sangakhale chinthu chochititsa manyazi.

M'kalata yanu munatchulanso Andrea Bocelli, kufunsa ngati iye ndi Pavarotti ali gulu limodzi. Nkhani zawo zimakumana, koma ulendo wawo ndi wosemphana. Mu 1992 woimba wa ku Italy Zucchero analemba nyimbo yoti aimbe ndi Pavarotti, ndipo pofuna kumuonetsa mmene ingamvekere anagwiritsa ntchito liwu la Bocelli, amene pa nthawiyo anali wosadziwika ndipo ankaimba m'malo achisangalalo atamaliza maphunziro a zamalamulo. Bocelli anatchukira pa mpikisano wa nyimbo wa Sanremo mu 1994 komanso pa nyimbo imene anaimba ndi Sarah Brightman mu 1996, ndipo ku opera anapitako dzina ali nalo kale. Liwu lake ndi lofewa, lokoma kwambiri pa maikolofoni, ndipo m'nyimbo za pop amakhazikika kuposa Pavarotti, koma atakwera pa nsanja ya opera popanda makina ounika nyimbo ambiri anati silinkadzaza nyumba mokwanira. Kumukonda si mlandu, kungoti mukamamuyerekeza ndi Pavarotti muzikumbukira kuti wina anachokera ku pop kupita ku opera pamene wina anachokera ku opera kupita ku pop, ndipo aliyense ndi wamphamvu kumene anakulira.

Ngati mukufuna kumumva munthuyu mokwanira, ndikupempheni kuti muyende chobwerera m'mbuyo. Mukachoka pa James Brown ndi Miss Sarajevo, funani nyimbo ya Lucio Dalla ya mu 1986 yonena za masiku omaliza a Caruso, imene ndi ya pop koma inalembedwa mwa mtima wa nyimbo za ku Naples, ndipo imamukhala Pavarotti kuposa ina iliyonse ya mtundu umenewu. Kenako mvetserani nyimbo zakale za ku Naples zimene anajambula chakumapeto kwa m'ma 1970, zimene zili pakati pa pop ndi opera. Mukatero mudzakhala mutakonzeka kumva La bohème imene anajambula mu 1972 ndi Mirella Freni, mnzake wa paubwana wa ku Modena, motsogoleredwa ndi Herbert von Karajan. Pamenepo werengani kaye nkhani ya seweroli mwachidule musanayambe, ndipo mutchere khutu makamaka pa malo amene akuimba motsitsa, chifukwa maphwando a pabwalo anabisa mbali imeneyi ya luso lake, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti iye ankangodziwa kukweza.

Chenjezo limodzi ndi la atenala a mu kwaya yanu, ngati kanemayu wayamba kuyenda m'mafoni awo. Mnyamata akamva noti ya pachimake chakumapeto kwa Nessun dorma, imene ndi B yapamwamba, amafuna kuifika tsiku lomwelo pokankha ndi pakhosi, ndipo zotsatira zake ndi kusasa mawu Lamlungu lisanafike. Pavarotti anatha miyezi yake yoyamba kwa Arrigo Pola akungoimba malembo a liwu ndi kukwera ndi kutsika masikelo, osaloledwa kukhudza nyimbo ya mu opera ngakhale imodzi. Pa mfundo imeneyi ndikukhulupirira kuti inu ndi a kwayamasitala anu mugwirizana mosavuta, ndipo mwina iwo angavomere kupatula mphindi khumi zoyambirira za pulakatisi kuti atenala azichita zomwezo asanatsegule buku la nyimbo.